Wodwala khansa agone kapena ayende? Mmene achipatala anasinthira maganizo

Nkhani yathu ndi ya munthu amene wabwerera kumudzi atalandira mankhwala a khansa, matenda amene kuchipatala kuno amawatchula kuti cancro. Munthu wotereyu amafika pakhomo ali wolefuka. Ife pomukonda timamuyalira mphasa, timamulanda tsache, ngakhale madzi akumwa timamupatsira pomwe wagonapo. Akati adzuke timati, "Gonani, musadzivute." Kwa zaka zambiri madokotala a ku Ulaya ndi ku America ankanenanso chimodzimodzi. Lero akunena zina. Ine ndine mwana wanu, activista wa zaumoyo, sindine dokotala. Ndikufotokozerani mmene iwo anasinthira maganizo, kuti mukadzamva namwino akuuza wodwala wanu kuti aziyenda, musadzati namwinoyo alibe chisoni.

Mankhwala ofiira ochokera m'dothi

Mankhwala a khansa olowetsa mumtsempha, amene timawamva kuti quimioterapia, anayamba m'zaka za m'ma 1940. Mu 1942 madokotala a ku Yale, ku America, anayesa pa wodwala mankhwala ofanana ndi mpweya wapoizoni wa pankhondo, ndipo zotupa zake zinaphwa kwa kanthawi. Mu 1948 Sidney Farber wa ku Boston analengeza kuti ana ena odwala khansa ya m'magazi anapezako bwino ndi mankhwala ena atsopano.

M'zaka za m'ma 1950 anthu a kampani ya Farmitalia ku Italy anatapa dothi pafupi ndi linga lakale lotchedwa Castel del Monte. M'dothimo munali tizilombo tosaoneka ndi maso totulutsa utoto wofiira. Kuchokera ku tizilomboti anapanga mankhwala, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 anapeza amene lero timati doxorubicin. Ku America anawavomereza mu 1974. Mpaka lero amagwira ntchito pa khansa ya m'mawere, khansa ya m'mwanabere, ndi khansa ya Kaposi, ija yotulutsa mawanga akuda pakhungu, imene imavutitsa anthu ambiri okhala ndi HIV kuno ku Mozambique ndi ku Malawi. Amene analandirapo amawadziwa: ndi ofiira, ndipo mkodzo umafiiranso kwa tsiku limodzi kapena awiri.

Mankhwalawa apulumutsa anthu ochuluka. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Pofika mu 1973 madokotala anali ataona kuti odwala ena, khansa itagonja, mtima wawo unkafooka. Ankabanika, mapazi n'kutupa. Mu 1979 Daniel Von Hoff ndi anzake anasanthula mabuku a odwala pafupifupi 4,000, napeza kuti ngozi imakula malinga ndi mankhwala onse amene munthu walandira pamoyo wake, ophatikiza pamodzi. Mu 2003 Sandra Swain anawerengeranso. Pa mlingo wa mamiligalamu 400, woyezedwa molingana ndi kukula kwa thupi, anthu 5 mwa 100 aliwonse mtima unkawafookera. Pa mlingo wa 550 ankafika 26. N'chifukwa chake madokotala amawerenga mosamala ndipo odwala ambiri amalekezera pansi pa milingo imeneyi.

Apa pali phunziro kwa ife a kumalire. Ena mwa ife timayamba chithandizo mbali ino, n'kukapitiriza tsidya linalo kumene kuli achibale. Khadi lolembapo mankhwala amene mwalandira musalisiye. Dokotala wachiwiri ayenera kudziwa zimene woyamba anakupatsani kale.

Zimene bedi limachita

Pamene zimenezi zinkachitika, anthu ena ankafufuza funso lina: kodi kugona masiku ambiri kumachita chiyani m'thupi? Kale munthu amene mtima wamugwira mwadzidzidzi ankamugoneka pabedi mpaka masabata 6, osamulola ngakhale kukhala tsonga. Mu 1952 madokotala awiri a ku Boston, Samuel Levine ndi Bernard Lown, anayamba kukhazika odwala oterewa pampando patangopita masiku ochepa. Anzawo ena anawadzudzula, koma odwalawo anapeza bwino.

Mu 1966 mumzinda wa Dallas anachita kafukufuku amene akutchulidwabe mpaka lero. Anatenga anyamata 5 a zaka 20, athanzi labwino, n'kuwagoneka pabedi masabata atatu. Asanagone anawayeza mphamvu, ndipo atadzuka anawayezanso. Kayezedwe kake ndi kotere: munthu amagwira ntchito yolimba, monga kuthamanga pamakina kapena kupalasa njinga yosayenda, ali ndi paipi pakamwa, ndipo makina amawerenga mpweya umene thupi lake likutha kugwiritsa ntchito akalimbikira kotheratu. Anyamata aja anataya magawo 27 mwa 100 a mphamvu imeneyi. Mtima unkapopa magazi ochepa pa kugunda kulikonse. Atachita masewera olimbitsa thupi kwa masabata 8, mphamvu zinabwerera mpaka kupitirira poyamba.

Mu 1996 anthu omwewo anawaitananso ali ndi zaka 50. Anapeza kuti zaka 30 za kukula sizinawalande mphamvu zochuluka ngati zimene anawalanda masabata atatu a pabedi aja. Taganizirani tsono za munthu amene akulandira mankhwala a khansa kwa miyezi inayi kapena isanu ndi umodzi, nthawi yonseyo ali gone pamphasa. Mankhwala akumufooketsa mbali ino, mphasa ikumufooketsa mbali inayo.

Anamwino awiri a ku Ohio

Ngakhale zinali choncho, odwala khansa ankauzidwabe kuti apumule. Amene anayamba kutsutsa zimenezi ndi anamwino awiri a pa Ohio State University, Mary MacVicar ndi Maryl Winningham, m'zaka za m'ma 1980. Ambiri ankaopa kuti munthu amene ali pa mankhwala amphamvu chotere akatuluka thukuta adzagwa. Anamwinowo anatenga amayi 45 odwala khansa ya m'mawere, onse ali pakati pa quimioterapia, n'kuwagawa m'magulu. Gulu lina linkapalasa njinga yosayenda katatu pa sabata kwa masabata 10, kulimbikira pang'ono, kupumira pang'ono, mosinthanasinthana. Zotsatira zinatuluka mu 1989: mphamvu za amayi opalasa zinakwera ndi magawo 40 mwa 100, pamene za anzawo sizinakwere. Chaka chimodzi m'mbuyomo, mu 1988, anamwino omwewo anali atalemba kuti amayi opalasa ankavutika pang'ono ndi mseru.

Mu 1997 Fernando Dimeo ku Germany anayesa pa odwala 70 amene ankalandira mankhwala amphamvu koposa ali m'chipatala. Ena mwa iwo anawapatsa kamakina kopalasa ndi miyendo ali chigonere pabedi, mphindi 30 pa tsiku. Amenewa anataya mphamvu zochepa kusiyana ndi anzawo, ndipo anatuluka m'chipatala msanga.

Amayi a m'bwato

Panalinso lamulo lina loopsa kwa amayi. Pochita opaleshoni ya khansa ya m'mawere, madokotala amachotsanso timwanabere ta m'khwapa. Timeneti ndi njira imene madzi a m'thupi amadutsa pobwerera kuchoka kudzanja. Tikachoka, dzanja la amayi ena limatupa n'kumalemera. Poopa zimenezi amayi ankauzidwa kuti asanyamulenso kanthu kolemera ndi dzanjalo, ndiponso asamagwire ntchito yobwerezabwereza. Mayi wa kumudzi kuno mutamuuza zimenezo ndiye kuti mwamuletsa kutunga madzi, kusinja, kuchapa ndi kunyamula mwana wake.

Don McKenzie, dokotala wa zamasewera wa ku Vancouver, ku Canada, anaona kuti lamuloli linalibe umboni. Mu 1996 anasonkhanitsa amayi 24 amene anachiritsidwa khansa ya m'mawere. Anawakonzekeretsa pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo, kenako anawalowetsa mumpikisano wopalasa bwato lalitali la chikhalidwe cha ku China, limene limakwana opalasa 20. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anayamba kutupa dzanja, ndipo amene anali otupa kale sanaonjezekere. Lero magulu a amayi otere opalasa mabwato ali m'mayiko ambiri.

Anthu 24 ndi ochepa, choncho Kathryn Schmitz wa ku Philadelphia anachita kafukufuku wokulirapo amene anatuluka mu 2009. Anatenga amayi 141 otupa kale dzanja. Theka lawo linkanyamula zitsulo kawiri pa sabata kwa chaka chathunthu. Anayamba ndi zopepuka kwambiri, n'kumaonjezera pang'ono pang'ono, atavala nsalu yothina yapadzanja, ndipo masabata oyamba anali ndi wowayang'anira. Mwa onyamula zitsulo, 14 mwa 100 ndi amene dzanja linawavutanso. Mwa osanyamula anali 29 mwa 100. Dzanja limene lazolowera ntchito pang'onopang'ono limapirira bwino tsiku limene lakumana ndi katundu.

Kusuzumira m'kati mwa minofu ndi mitsempha

Tsono n'chiyani chimene chimafooketsa wodwala? Kwa nthawi yaitali maso onse anali pa mtima. Mu 2012 Lee Jones ndi anzake a ku Duke University anayeza amayi 248 odwala khansa ya m'mawere ndi makina a njinga aja. Onse, powaunika ali phee, mtima wawo unkaoneka kuti ukupopa bwino. Komabe mphamvu zawo zinali zotsika ndi magawo 27 mwa 100 poyerekeza ndi amayi amsinkhu wawo osadwala, amenenso sankachita masewera aliwonse. Izi zinasonyeza kuti vuto silithera pa mtima pokha.

Mpweya umene timapuma umayenda ulendo wautali. Umalowa m'mapapo, magazi amaunyamula, mtima umaukankha, mitsempha imauperekeza, ndipo minofu imaugwiritsa ntchito. Mankhwala a khansa angathe kusokoneza malo angapo pa ulendowu. Amachepetsa magazi. Amavulazanso kachikopa kofewa ka m'kati mwa mitsempha, kamene kamauza mtsempha kuti utanuke munthu akayamba ntchito. Mu 2010 gulu la Gregory Hundley ku North Carolina linajambula mtsempha waukulu wochoka kumtima mwa odwala olandira mankhwala a mtundu wa doxorubicin, ndipo patangopita miyezi inayi unali utayamba kuuma. Zili ngati chubu cha njinga chimene chakhalitsa padzuwa. Mtsempha wouma umapatsa mtima ntchito yaikulu.

M'kati mwa mnofu uliwonse mulinso timafuwa ting'onoting'ono, timene akatswiri amati mitochondria, momwe chakudya chimapsa ndi mpweya n'kusanduka mphamvu. Doxorubicin amaunjikana m'timafuwamo n'kuyambitsa zinthu zowononga. Mtima uli ndi timafuwa tambirimbiri, n'chifukwa chake umavulala msanga. Koma ofufuza a ku Kentucky, motsogozedwa ndi ntchito ya Laura Gilliam, anaona pa mbewa kuti minofu ya m'miyendo ndi mnofu umene timapumira imafookanso. Kutopa kwa wodwala wanu kuli ndi chifukwa chenicheni m'thupi. Musamuyese waulesi.

Kenako anafunsa ngati minofu yozolowera ntchito imapirira bwino. Mu 2005 ndi 2006, Adam Chicco ndi Reid Hayward ku Colorado anapatsa doxorubicin makoswe amene anazolowera kuthamanga ndi ena ongokhala. Mitima ya othamanga inalimba kuposa ya ongokhala. Mu 2011 Ashley Smuder ndi Scott Powers ku Florida anapeza zofananazo pa minofu ya m'miyendo. Ntchito imachulukitsa timafuwa tija, imaonjezera zinthu zodzitetezera za m'mnofu, ndipo magazi akamathamanga kachikopa ka m'mitsempha kamakhala kamoyo.

Koma khoswe si munthu. Ku Melbourne, ku Australia, anayesa pa amayi 104 olandira mankhwala a mtundu womwewu, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2023. Patatha chaka, amene ankachita masewera anali ndi mphamvu zambiri kuposa anzawo, ndipo mitima yawo inkapopa magazi ochuluka akamalimbikira.

Kodi kuyenda kumatalikitsa moyo?

Mu 2005 Michelle Holmes wa ku Boston analemba za anamwino pafupifupi 3,000 amene anadwala khansa ya m'mawere. Amene ankayenda maola atatu mpaka asanu pa sabata ankafa ochepa ndi matendawa. Anthu ena anakayika, ndipo kukayika kwawo kunali kwanzeru: mwina oyendawo anali osadwalika kale. Mu 2007 Kerry Courneya wa ku Edmonton, ku Canada, anaonetsa pa amayi 242 kuti amene ankalimbitsa minofu ndi zitsulo ankakwanitsa kulandira gawo lalikulu la mankhwala amene dokotala anawalembera. Mu 2010 akatswiri a zamasewera ndi zaumoyo ku America anatulutsa malangizo oyamba, ndipo mutu wake unali woti wodwala khansa apewe kungokhala. Mu 2019 anaika mlingo: mphindi 30 katatu pa sabata za ntchito yofulumizitsa mtima, ndi kulimbitsa minofu kawiri pa sabata.

Yankho la okayika aja linabwera mu June 2025. Kuyambira mu 2009 Courneya ndi anzake ankatsatira anthu 889, ambiri a ku Canada ndi ku Australia, amene anachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'matumbo n'kumaliza quimioterapia. Anawagawa mwa maere kuti pasakhale kukondera. Ena anangopatsidwa kabuku ka malangizo. Ena anapatsidwa munthu wowalimbikitsa kwa zaka zitatu, ndipo ambiri mwa iwo anasankha kuyenda mwandawala. Patatha zaka 5, mwa olimbikitsidwawo 80 mwa 100 anali moyo khansa isanabwerere, pamene a kabuku anali 74. Patatha zaka 8, amoyo anali 90 kwa 83. Oyendawo ankadandaula kwambiri za kuphwanya kwa minofu ndi mawondo, koma phindu linaposa vutolo. Onaninso kuti kabuku kokha sikanakwanire. Chimene chinathandiza ndi munthu woyenda nawo limodzi pa ulendowo, ndipo pakhomo panu munthu ameneyo ndi inu.

Tichite chiyani pakhomo pathu

Anthu a m'kafukufuku onsewa anali ndi chakudya chokwanira, anayezedwa asanayambe, ndipo anali ndi owayang'anira. Ife tiyende mosamala koposa. Choyamba funsani namwino kapena dokotala amene akupereka mankhwala ngati wodwala wanu angayambe, ndipo funsani ngati magazi ake ali okwanira.

Akavomera, yambani ndi mphindi 5 kapena 10, m'mawa kapena madzulo dzuwa litapepa. Azungulire nyumba, mawa lake afike pachitsime osasenza kanthu, sabata inayo afike kutchalitchi kapena kumzikiti. Liwiro loyenera ndi limene munthu angathe kulankhula nanu akuyenda, koma sangathe kuimba. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Kawiri pa sabata akhale pampando n'kudzuka, kubwereza kangapo, ndipo anyamule botolo la madzi la lita imodzi kapena theka. Masiku otsatana ndi tsiku lolandira mankhwala amakhala ovuta. Pamasiku amenewo kukhala tsonga pakhonde ndi kuyenda pang'ono pabwalo n'kokwanira.

Wodwala asayende, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngati thupi latentha, ngati chifuwa chikupweteka, ngati akubanika ali chikhalire, ngati mapazi atupa mwadzidzidzi, ngati akuchita chizungulire, kapena akutuluka magazi. Kutentha thupi kwa munthu amene ali pa quimioterapia musakudikire kuti kuche, chifukwa chitetezo chake chimakhala chotsika. Ngati khansa inafika m'mafupa, asanyamule kanthu popanda chilolezo cha dokotala. Mankhwala ena, monga vincristine, amachititsa dzanzi kumapazi, kotero avale nsapato ndipo wina ayende pambali pake. Amene ali ndi zilonda kapena kutupa miyendo chifukwa cha Kaposi aonetse namwino asanayambe. Mayi wa opaleshoni ya bere adikire bala lipole, ayambe ndi zopepuka, ndipo dzanja likayamba kulemera kapena kufiira akaonetse msanga.

Minofu simangidwa ndi mphepo. Pamodzi ndi nsima kapena phala, wodwala apeze nyemba, nsinjiro, dzira, matemba kapena usipa, ndi madzi akumwa okwanira. Ngati sakutha kudya kwambiri, adye pang'ono koma pafupipafupi.

Kwa inu abambo, apongozi ndi alamu, ndikupempha mwaulemu: musatenge nkhani ino n'kukauza wodwala kuti, "Wamva pawailesi paja, nyamula khasu." Kulima kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa lili paliwombo, kapena kusenza chigubu cha malita 20, si zimene anthu aja anayesa. Iwo ankachita ntchito yoyezedwa, yokhala ndi kupuma, yokwera pang'onopang'ono. Amene adziwe kuti lero zakwana ndi mwiniwake wa thupi.

Ndipo kuyenda sikulowa m'malo mwa mankhwala. Onse amene ndawatchula aja analandira chithandizo chawo cha kuchipatala. Tsiku lobwerera kuchipatala lisaphonyeke, ndipo amene ali pa TARV apitirize kumwa tsiku lililonse.

Kuchokera mu 1989, pamene anamwino a ku Ohio anatulutsa zotsatira zawo, mpaka mu 2025, padutsa zaka 36 kuti nkhaniyi ikhazikike. Inu simufunika kudikira zaka zimenezo. Ngati pakhomo panu pali wodwala wotere, kafunseni kuchipatala ulendo wotsatira, ndipo akakulolani, mugwireni dzanja muyambe ndi mphindi 5. Amene muli ndi mafunso, tipezeni ife ma activista m'mudzi mwanu kapena pitani ku centro de saúde yapafupi. Kapepalaka mukawerenga muwawerengerenso anzanu osatha kuwerenga.